Mmene mungapezere njira pa nyanja usiku pongoyang'ana nyenyezi

Anthu ambiri akamva zoti munthu akhoza kuyendetsa boti usiku onse pongoyang'ana kumwamba amaganiza kuti pamafunika kuloweza nyenyezi zonse zija, nde amagwa ulesi asanayambe n'komwe. Ayi ndithu abale. Olo buku limene anthu oyendetsa sitima zikuluzikulu amadalira, lija amati Nautical Almanac lomwe linayamba ndi chaka cha 1767, masiku ano pa masamba ake a tsiku ndi tsiku lili ndi nyenyezi 57 zokha zosankhidwa, kenako Polaris, nyenyezi yoloza kumpoto, payokha, ndi mapulaneti anayi basi. Inuyo kuti muyambe mukungofunika magulu atatu kapena anayi, koma muwadziwe bwinobwino moti olo wina akudzutseni 2 koloko usiku muli ndi tulo m'maso muthe kuloza kuti kumadzulo ndi uko. Ine nkhaniyi imandikhudza chifukwa foni imatha batire, imagwera m'madzi, injini imazima pakati pa nyanja magetsi akumtunda osaoneka, ndipo nthawi imeneyo munthu amapalasa molimbika kulowera kolakwika pomwe njira ili poyera pamwamba pa mutu wake.

Chinthu choyamba kuchimvetsa ndi ichi, nyenyezi iliyonse ili ndi malo ake otulukira ndi malo ake olowera ndipo sasintha chaka chonse bola inu muli dera lomwelo. Chimene chimasintha ndi nthawi yokha. Usiku ulionse nyenyezi imafulumira kutuluka ndi mphindi pafupifupi 4, nde pa mwezi ndi maola awiri, n'chifukwa chake nyenyezi imene mukuiona ikutuluka 10 koloko lero mwezi wamawa izituluka 8 koloko, koma pa phiri lomwe lija kapena pa mlambe omwe uja mukaima malo omwewo. Thambo lonse limazungulira ngati gudumu la njinga, pali habu imene siyenda, ina kumpoto ina kummwera, ndipo zina zonse zimazungulira habuyo madigiri 15 pa ola. Mukagwira zimenezi zotsalazo ndi kungozolowera.

Nde musayambire pa madzi, yambirani kumtunda. Pezani malo amodzi pagombe kapena pabwalo poti kulibe magetsi, muziima pomwepo tsiku lililonse, masana onani pa kampasi kuti kummawa ndi kuti, kummwera ndi kuti, muike chizindikiro kaya mtengo kaya mwala. Usiku zimitsani tochi ndipo foni ikhale m'thumba, maso amafuna mphindi 20 mpaka 30 kuti azolowere mdima ndipo kungoyang'ana sikirini kamodzi kokha mwayambiranso. Asodzi a usipa izi akuzidziwa, ukakhala pafupi ndi nyali zija kumwamba kumangooneka bii, nde ngati mukufuna kuona nyenyezi fulatirani nyali, tchingani ndi dzanja, dikirani. Ma apu a nyenyezi a pa foni ndi abwino pophunzirira maina muli kunyumba, palibe vuto, koma cholinga ndi choti mufike posawafunanso.

Muyezo wanu ndi dzanja. Tambasulani mkono onse, tsinzinani diso limodzi, kungani chibakera, kukula kwa chibakera chimenecho kumwamba ndi madigiri pafupifupi 10. Zala zitatu zapakati ndi 5, kachala kakang'ono ndi 1. Kaya ndinu wamtali kaya wamfupi zimafanana ndithu chifukwa wa dzanja lalikulu amakhalanso ndi mkono wautali. Yesani kusanjikiza zibakera kuchokera pamene madzi akumana ndi thambo mpaka pa liwombo, zikuyenera kukwana 9, zikakwana 8 kapena 10 nde mwadziwa mmene dzanja lanu lilili.

Gulu loyamba kuligwira ndi Akamwiniatsatana, nyenyezi zitatu zija zondondozana pa mzere umodzi pakati pa gulu limene azungu amati Orion. Pa zitatuzo imene imayamba kutuluka dzina lake ndi Mintaka, ndipo imeneyi ndi yamtengo wapatali chifukwa imatulukira kummawa kwenikweni n'kukalowera kumadzulo kwenikweni, kuphonya kwake sikufika olo digiri imodzi, ndipo izi zili choncho kulikonse pa dziko lapansi kaya muli pa Nkhotakota kaya pa Durban kaya pakati pa Indian Ocean. Mu December zimatuluka kukangoda, pofika April ndi May mumazipeza madzulo zikupendekera kokalowa, mu June zimasowa, kenako cha mu July ndi August zimabwereranso mbandakucha. Mukautsatira mzere wa zitatuzo mbali imodzi mufika pa Sirius, nyenyezi yowala kuposa zonse usiku, mbali inayo mudutsa nyenyezi yofiirira ya Aldebaran n'kukafika pa Nsangwe, kagulu kothithikana kaja.

Kwa ife a nyanja ya Malawi izi zokha zikhoza kupulumutsa munthu, paja nyanjayi inagona chotalika kuchokera kumpoto kupita kummwera makilomita oposa 500, pomwe m'lifupi mwake malo otakasuka kwambiri ndi pafupifupi 75. Munthu amene wanyamukira ku Salima, Nkhotakota, Nkhata Bay kapena Karonga kwawo ndi kumadzulo, akalowera kumadzulo mtunda aupeza basi olo asafikire pa doko lake lenileni, koma akalakwitsa n'kuloza kumpoto kapena kummwera akhoza kuyenda mpaka mafuta kutha osaona mtunda. Wa ku Makanjira kapena tsidya la Mozambique nde atembenuze, kwawo ndi kummawa.

Miyezi yozizira Akamwiniatsatana kulibe madzulo, nde gwirani zina. Altair imatulukira madigiri ngati 9 chakumpoto kwa kummawa, Spica madigiri ngati 11 chakummwera, ndipo Antares, yofiira ija ili pa mtima pa gulu looneka ngati chinkhanira, imatulukira pafupifupi zibakera zitatu chakummwera kwa kummawa. Polowa zimachitanso chimodzimodzi mbali ya kumadzulo, imene yatulukira chakummwera ikalowera chakummwera.

Tsopano apa ndi pamene anthu ambiri amalakwitsa nde mumvetsere. Osatsatira nyenyezi imodzi usiku onse. Nyenyezi imakuuzani mbali ikakhala pansi, ikangotuluka kumene kapena ikatsala pang'ono kulowa. Ife tili ndi mwayi chifukwa pafupi ndi equator nyenyezi zimakwera pafupifupi choongoka, zimangopendekera pang'ono, nde mukhoza kuidalira mpaka itakwera zibakera ziwiri mwina zitatu, ikapitirira apo isiyeni muyang'ane pansi pake pomwe inatulukira paja, mupeza ina ikutuluka pamenepo kapena pafupi, gwirani imeneyo. Anthu a zilumba za Pacific amachita chonchi, usiku umodzi amasinthanitsa nyenyezi ngati khumi zotulukira malo amodzi. Komanso sikuti nyenyeziyo mpaka ikhale kutsogolo kwa boti ayi. Khalani malo amodzi m'botimo, onani kuti nyenyezi yanu yalunjika pa chiyani, kaya pa mlongoti kaya pa chingwe kaya pa phewa la mnzanu wakhala kutsogolo, nde muziisunga pamenepo. Ikhoza kukhala kumbuyo, mukupita kumadzulo mutasunga nyenyezi yotuluka kummawa kumsana kwanu, kumangocheuka pafupipafupi.

Kummwera nde tili ndi Mtanda, Southern Cross ija imene ili pa mbendera za Australia ndi New Zealand. Ndi kagulu kakang'ono kuposa mmene anthu amaganizira, kutalika kwake madigiri 6 okha, nyenyezi zinayi zowala ndi kena kachisanu kozimirira pambali, ndipo pafupi pake pali nyenyezi ziwiri zowala kwambiri zimene zimaulondola pambuyo, Alpha Centauri ndi Beta Centauri. Ziwirizi musazinyozere chifukwa pali mtanda wina wabodza, wokulirapo koma wosawala kwenikweni, umene umayamba kutuluka weniweniwo usanatuluke nde munthu wachangu amaugwira n'kusochera nawo. Wabodzawo ulibe ziwiri zowala zija ndipo ulibe kachisanu kaja. Mukaona mtanda wopanda anzake awiri aja, dikirani kaye.

Kapezedwe ka kummwera ndi aka. Mtandawo sikuti uli pa habu penipeni, umangoloza. Tengani mzere wautali kuchokera ku mutu, nyenyezi yofiirira ya Gacrux, kupita ku phazi, yowala kwambiri ya Acrux, nde muupitirize mzerewo mbali ya kuphaziko kanayi ndi theka kutalika kwa mtandawo, kapena tingoti zibakera ziwiri ndi theka n'kapang'ono kuchokera pa Acrux. Mufika pa malo a mdima opanda nyenyezi yowala, musadabwe, pamenepo ndi pa habu. Tsitsani dzanja kuchokera pamenepo molunjika pansi mpaka pa madzi, uko ndiye kummwera. Kuti mutsimikize jambulani m'maganizo mzere pakati pa ziwiri zowala zija, pakatikati pake tulutsani mzere wina wopingasa, pamene ukakumane ndi mzere wa mtanda uja ndi pomwepo. Mtanda ukaimirira chilili nde zaphweka, pansi pake ndi kummwera basi, ndipo umaimirira cha pakati pa usiku kumapeto kwa March, cha m'ma 9 koloko pakati pa May, cha m'ma 7 pakati pa June. Ukagona cham'mbali osaloza pansi pake, mutaya njira ndi zibakera ziwiri kapena zitatu zathunthu.

Vuto ndi loti kuno kwathu Mtanda umalowa, October ndi November madzulo simuuona. Nthawi imeneyo pezani Achernar, nyenyezi yowala yokhala yokhayokha kummwera, ndi Canopus yomwe ndi yachiwiri kwa Sirius pa kuwala, ziwirizi pamodzi ndi habu ija zimapanga katatu kofanana mbali zonse, habu ili cha pansi. Usiku wa mdima bwino muonanso timitambo tiwiri toyera tosasuntha ndi mphepo, tokhala patali pang'ono ndi Mlalang'amba, amati Magellanic Clouds, natonso timapanga katatu ndi habuyo. Sizolondola ngati Mtanda koma zikupatsani mbali.

Za kumpoto ndinene mwachidule. Polaris imene mumaimva m'mafilimu kuno sioneka, ili pansi pa dziko kwa aliyense amene ali kummwera kwa equator, nde ngati wina anakulozerani nyenyezi pa Mangochi nati iyo Polaris sinali imeneyo. Abale athu ali ku Britain ndi amene angaione, ili pamwamba ndithu madigiri oposa 50 ndipo siyenda. Ife chimene tingaone ndi gulu la nyenyezi 7 looneka ngati chipande, Big Dipper, lili pansipansi kumpoto madzulo a April ndi May, nyenyezi ziwiri zakumapeto kwa chipandecho, Merak ndi Dubhe, zimaloza kumene kuli Polaris, nde zikaima imodzi pamwamba pa inzake pansi pake ndi kumpoto.

Mapulaneti nde muwasamale, amawala mokopa koma alibe malo okhazikika. Muwazindikira chifukwa kuwala kwake ndi kodekha, saphethira ngati nyenyezi. Amene amagwira ntchito pa nyanja ndi Venus, Jupiter, Mars ndi Saturn. Venus ndi Nthanda ija, ndipo nyenyezi yowala kwambiri imene imaoneka kumadzulo dzuwa likangolowa miyezi ina ndi yomweyonso, siitalikira dzuwa kuposa madigiri 47, nde mukaiona madzulo uko ndi chakumadzulo, mukaiona mbandakucha uko ndi chakummawa, ndipo chinthu chowala kwambiri pa liwombo pakati pa usiku si Nthanda, kawirikawiri ameneyo ndi Jupiter. Ndikuti chakumadzulo osati kumadzulo kwenikweni chifukwa pulaneti ikhoza kulowera zibakera ziwiri mpaka zitatu kumpoto kapena kummwera kwa pamene Mintaka imalowera, ndipo pakapita miyezi yasuntha. Mars ndi wofiira nde amasokonezeka ndi Antares. Njira yabwino yogwiritsira pulaneti ndi yoti musananyamuke muione kuti lero ili pati poyerekeza ndi kampasi kapena nyenyezi imene mukuidziwa, muidalire masiku ochepa okhawo, kenako muyezenso. Ubwino wake ndi woti kukakhala chifunga chopyapyala kapena utsi wa moto wa tchire, Venus ndi Jupiter zimaboola pomwe nyenyezi zina zazimiririka. Kuipa kwake Nthanda ikatsika pansi penipeni imaoneka ngati nyali ya boti lina kapena getsi lakumtunda, iyang'aneni mphindi zingapo muone ngati ikutsika kapena kukwera musanaithamangire. Dzuwa nalonso ndi chimodzimodzi, limatulukira kummawa kwenikweni cha pa 21 March ndi 23 September basi, mu December kuno limatulukira madigiri ngati 24 chakummwera, mu June 24 chakumpoto.

Zonsezi ndi za kudziwa mbali, koma nyenyezi zikhozanso kukuuzani kuti mwafika pati, makamaka kuti muli kumpoto kapena kummwera motani, chimene amati latitude. Lamulo lake ndi losavuta, kukwera kwa habu kuchokera pa madzi ndiye latitude yanu. Ku Monkey Bay habu ya kummwera ili madigiri 14 pamwamba, ku Karonga pafupifupi 10, ku Cape Town 34. Poti pa habupo palibe nyenyezi yoti muyeze, dikirani Mtanda uimirire, yezani kukwera kwa Acrux, chotsanipo 27, chotsalacho ndi latitude yanu. Mukapeza 41 nde muli pa 14. Ndi zibakera mudzaphonya ndi digiri imodzi kapena ziwiri, ndipo digiri imodzi ndi makilomita 111, nde pa nyanja yathu izi ndi zophunzirira chabe, koma pa nyanja yamchere pomwe ulendo ndi wa masabata zimathandiza kwambiri.

Aluya amene ankayenda ndi zombo za matanga pakati pa Oman, India, Zanzibar, Kilwa mpaka Sofala anali ndi kachipangizo kotchedwa kamal, kathabwa kakang'ono koboola pakati ndi chingwe cha mfundomfundo. Munthu amaluma mfundo imodzi ndi mano, n'kukankha kathabwako kutsogolo mpaka chingwe chitakungika, m'munsi mwa thabwa mukhudze madzi, pamwamba pakhudze nyenyezi, ndipo doko lililonse linali ndi mfundo yake. Akafuna doko linalake amayenda kumpoto kapena kummwera mpaka nyenyezi itakwana pa mfundo ya dokolo, kenako n'kukhota kulunjika kumtunda akusunga nyenyeziyo pa mlingo omwewo. Inunso mukhoza kupanga yanu ndi rula ya kusukulu, mangani chingwe cha masentimita 57, kumapeto kwake gwirani pa tsaya pansi pa diso, rula iime choongoka, sentimita iliyonse ndi digiri imodzi bola nyenyeziyo isakwere kuposa madigiri 20 kapena apo.

Njira ina ndi nyenyezi yodutsa pa liwombo. Malo alionse ali ndi nyenyezi zake zimene zimadutsa pamwamba penipeni, Sirius imadutsa pamwamba pa Nsanje, ndipo chifukwa Tahiti ili pafupifupi pa mzere omwewo imadutsanso pamwamba pa Tahiti, Spica imadutsa cha pa Nkhata Bay, Arcturus pamwamba pa Hawaii. Nzeru ngati zimenezi ndi zimene Mau Piailug wa pa kachilumba ka Satawal ku Pacific anagwiritsa ntchito mu 1976 pamene anatsogolera bwato la Hōkūleʻa kuchokera ku Hawaii mpaka ku Tahiti, makilomita pafupifupi 4,000, kwa mwezi wathunthu opanda kampasi opanda mapu opanda wotchi, nthawi imene anthu ophunzira ena ankanena kuti makolo a anthu a ku Pacific anafika pa zilumbazo mwangozi chabe potengedwa ndi mafunde. Bwato lomwelo linadzafika ku Cape Town mu 2015. Chimene chimandigwira mtima pa nkhani ya bambo ameneyu ndi choti anaphunzira kwa agogo ake ali mwana, poyala timiyala mozungulira pansi, mwala ulionse kuimira potulukira kapena polowera nyenyezi, ndipo atazindikira kuti achinyamata akwawo sakuzifunanso anavomera kuphunzitsa alendo kuti nzeruzo zisafe naye. Kwathu kunonso kuli akuluakulu m'madoko amene amadziwa thambo ndi mphepo za dera lawo, afunseni akadali moyo, ndipo mulembe.

Amene mukufuna kupita patali, mwina mukulota zogwira ntchito pa sitima, chipangizo chake ndi sextant. Imayeza kukwera kwa nyenyezi molondola mpaka kagawo kamodzi pa 60 ka digiri, ndipo kagawo kamodziko pa madzi ndi mailo imodzi ya panyanja, mamita 1,852. Nthawi yoyezera ndi yochepa, chisisira cha madzulo kapena mbandakucha pamene nyenyezi zowala zikuoneka komanso mzere wa madzi ukuonekabe, kumadera otentha kuno mwina mphindi 20 zokha. Sankhiranitu nyenyezi zitatu zotalikirana mbali zosiyana, zosatsika kwambiri komanso zosakwera kwambiri. Mukayang'ana mu sextant mumaitsitsa nyenyeziyo ndi kagalasi pang'onopang'ono mpaka ifike pa mzere wa madzi, kenako mumapendeketsa chipangizocho uku ndi uku, kanyenyezi kaja kamayenda ngati kakulendewera, ndipo pamene kangokhudza madzi pansi penipeni pa kulendewerako mumakuwa mnzanu alembe nthawi mpaka sekondi yake. Nthawiyo ikhale ya UTC, nthawi imodzi imene dziko lonse limayendera, ya ku Malawi ili patsogolo ndi maola awiri, ndipo wotchi ikaphonya masekondi 4 okha malo anu asuntha pafupifupi mailo imodzi, n'chifukwa chake nkhani ya longitude, kudziwa kuti muli kummawa kapena kumadzulo motani, inavuta anthu zaka zambiri mpaka John Harrison, mmisiri wa ku England, atapanga wotchi yosasokonezeka ndi mafunde imene inakayesedwa pa ulendo wa ku Jamaica mu 1761. Mukatero mumakonza nambala ija pochotsa zolakwika za chipangizo, kutalika kwa diso lanu pamwamba pa madzi, ndi kupindika kwa kuwala mu mpweya. Almanac imakuuzani malo a pa dziko amene nyenyeziyo inali pa liwombo sekondi imeneyo, nde ngati mwaiyeza pa madigiri 50, chotsani pa 90 kutsala 40, chulukitsani ndi 60, muli mamailo 2,400 kuchokera pamalo amenewo. Nyenyezi imodzi ikupatsani mzere pa mapu, yachiwiri idula mzerewo, yachitatu itsimikiza, ndipo wa dzanja lozolowera amaphonya ndi mailo imodzi kapena ziwiri. Frank Worsley mu 1916 anayendetsa kaboti ka James Caird makilomita 1,300 kuchokera ku Elephant Island, pafupi ndi Antarctica, kukapeza chilumba cha South Georgia m'nyanja yoopsa atangopeza mpata woyeza dzuwa kanayi kokha. Ndipo musaganize kuti ndi zachikale, sukulu ya asilikali apamadzi ya ku America ku Annapolis inayambiranso kuphunzitsa zimenezi mu 2015 poopa kuti GPS ikhoza kusokonezedwa. Pa nyanja ya Malawi sextant imavutirapo chifukwa malo ambiri kuseri kwa madzi kuli mapiri, nde poyeserera yang'anani motsata kutalika kwa nyanja kumene madzi akumana ndi thambo popanda mtunda.

Nanga kukachita mitambo? Apa mukuyenera kukonzekera thambo lisanatseke. Nthawi imene nyenyezi zikuoneka muzionanso kuti mafunde akuluakulu akuchokera mbali iti poyerekeza ndi nyenyezizo ndipo akumenya boti pati, kutsogolo chakumanzere kapena m'mbali, mumve ndi thupi mmene boti likugwedezekera. Mitambo ikabwera sungani kagwedezeke komweko. Mafunde akuluakulu sasintha msanga ngati kamphepo kapamwamba, nde adalireni kuposa mphepo yokuombani kumaso, ndipo pakangotseguka kampata kumwamba olo kakang'ono fufuzani nyenyezi imodzi imene mukuidziwa mukonze njira. Nthawi ya mwera, kuyambira cha mu May mpaka August, mafunde amachokera chakummwera nde wopita kumadzulo amawamva kudzanja lamanzere, koma kunena zoona mwera ukalimba nyenyezi sizingakuthandizeni kanthu, azanyengo akachenjeza musalowe m'madzi, ndipo jekete yoyandamitsa ija muzivala osati kukhalira.